Uthenga wa maliro, sitima ili padoko la Lisbon

Lachiwiri lapitali foni inandipeza nditavula nsapato imodzi, ina idakali kuphazi, nditangofika kuchokera ku shifiti ya m'mawa. Nambala inali ya kumudzi. Inu amene mumakhala kunja kuno mukudziwa tanthauzo lake nambala ya kumudzi ikaimba yokha mpaka kumapeto, osati kungofulasha kuti uimbe ndiwe.

Anali a Fanuwelo a ku Dedza, mlongo wawo wa mnzanga Anachisale. Chibadwire sitinalankhulanepo, nambala yanga anachita kufunsira. Anayamba ndi moni wautali. Anafunsa ana, anafunsa ntchito, ndipo atafika pofunsa ngati kuno mvula ikugwa, ine ndinali nditakhala kale pansi.

"Kuno sikuli bwino," anatero. "Mayi atisiya usiku wathawu. Alamu foni yawo sikupezeka, ndipo achemwaliwo ine sindingawauze pafoni, mukudziwa kale. Ndiye tati tiuze inu amene muli nawo pafupi."

Ndisanayankhe anawonjezera: "Thupi lili ku mochale. Ngati akubwera, tidikira mpaka Loweruka, osapitirira. Ngati sakubwera tiika mawa, poti anthu asonkhana kale ndipo adzukulu akufuna yankho. Koma timve lero."

Akuti amene tili nawo pafupi! Anachisale sanali pafupi ndi munthu aliyense wa ife. Iwo ndi amuna awo, a Makwinja, anali pakati pa nyanja, m'chisitima chija chimazungulira madoko a ku Ulaya ndi anthu a pa holide. Mayiyu ndi nesi. Chibwerere ku Perth kuno, tchuthi chake chonse chimathera kumudzi, kumaliro ndi kumaukwati a abale. Chaka chino ana awo anawakakamiza kuti apiteko kwina awiriwiri, akaone dziko. Tinawaseka kutchalitchi, kuti anthu a kumapiri akafuna chiyani pamadzi, koma pansi pa mtima tonse tinkasirira.

A Makwinja anakana zogula intaneti ya m'sitima, ati holide ndi holide. Choncho mafoni awo ankadzuka pokhapokha sitima ikaima padoko. Tsiku limenelo inkaima ku Lisbon. Ikafika m'mawa wa kumeneko, omwe kuno ndi masana, n'kunyamukanso dzuwa litangopendeka. Ikatero ndi masiku awiri pamadzi okhaokha, kenako kachilumba kena kakutali. Munthu wotsikira pachilumbapo Lachisanu sangakhale ali ku Dedza Loweruka, ngakhale ndege zitamukonda bwanji.

Nkhani yonse inali pamenepo. Anachisale akamva sitima isananyamuke, akatsika, akakwera ndege, akaona nkhope ya mayi awo. Akamva itanyamuka, akapeza mulu wa dothi.

Ndinaimbira a Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu, amene amagwira ntchito ku Malaga, dera lina la konkuno ku Perth. Anapempha kuweruka msanga. Ndinauzanso amayi awiri atatu, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira: ukauza atatu wauza mpingo. Posakhalitsa nyumba yanga ku Maddington inadzaza. Palibe anauza mnzake chochita. Masofa anakankhidwira kukhoma, azimayi anavala zitenje ndi mipango n'kukhala pansi pa kapeti, azibambo anatulutsa mipando pakhonde. Maliro anayamba mwiniwake asakudziwa.

Kenako mafoni onse analira pamodzi. Sitima inali itafika, ndipo zithunzi zinayamba kugwa pa gulupu yathu ya mpingo.

Anachisale atavala chipewa chachikulu, ali pa kasitima kachikasu koyenda mumsewu. Anachisale akuloza nyumba zomatidwa matailosi mpaka kudenga, ati anthu a kuno amanga bafa kunja. Anachisale pa chitunda, akuti miyendo yawakumbutsa kwawo. Masiku onse gulupu imeneyi imasokosa, munthu akaika chithunzi cha mphaka anthu amayankha mpaka mawa. Tsiku limenelo palibe anayankha, aliyense anangotembenuza foni yake chafufumimba.

A Kamwendo anaimbira a Makwinja, foni ataikweza kuti tonse timve. Anawauza kuti apatuke kaye pang'ono. Tinamva phokoso la mumsewu, kenako a Kamwendo anapereka uthenga mwaulemu wake wonse, pang'onopang'ono, monga zimayenera.

"Ndamva," anatero a Makwinja. "Koma pano sindingawauze."

"Chifukwa chiyani, achimwene?"

"Tili pamsewu, azungu okhaokha. Amake Thoko ali ndi BP, mukudziwa. Akagwa pamiyala pano ndiwadzutsa ndi ndani? Akayamba kulira anthu aitana apolisi. Ndikawauza m'chipinda, sitima itanyamuka, chitseko chili chotseka, alire bwinobwino."

"Itanyamuka?" Mawu anandipulumuka ndili pakhomo. "Alamu, ikanyamuka ndiye kuti maliro awaphonya!"

A Kamwendo anandikwezera dzanja, osandiyang'ana n'komwe. Foni itaduka anati: "Mayi, mwini banja walankhula. Ndipo sakunama. Uthenga wa maliro sauzirana pamsewu. Munthu wamayi amafunika amayi anzake omugwira. Tikapupuluma tiika maliro awiri."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Koma musafulumire kuwaweruza a Kamwendo, chifukwa mwambo umenewu ine unandisungapo. Bambo anga atamwalira ndinali kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba. Kunabwera amayi awiri a mpingo, n'kuuza bwana wanga kuti ndikufunika kunyumba. Nditangowaona ndinadziwa, koma sananene kanthu mpaka tinafika, anandikhazika pansi, wina kumanja wina kumanzere. Atandiuza, panali manja ondilandira. Mmodzi mwa amayi awiriwo anali Anachisale.

Ndiye mwambowu si wachabe. Maliro n'kulirana. Funso langa linali limodzi lokha: ku Lisbon amayi omugwirawo tiwatenga kuti?

Yankho linachokera kwa mayi Tembo, mnzathu wa ku Zambia. "Muli sisitere mu Lisbon mwamene umo," anatero. "Ni wa ku Tete, akamba Chinyanja monga ise. Munzanga wa ku Chipata ali na namba yake. Angayende kuwapeza, awakhazike pansi, ndiye amuna awo akambe."

Nkhope zonse zinawala. A Kamwendo anati Mulungu sagona. Ndipo abale anga, anthu akuluakulu, manesi, madalaivala, ena a madigiri awo, tinayamba kusaka sisitere.

Mnzawo wa ku Chipata anali kumsika, foni atasiyira mdzukulu. Mdzukulu anathamanga kukawaitana. Atapezeka, nambala inali m'foni yakale, foni yakale inali yopanda moto. Nambala itabwera inali yoperewera. Itakwanira sinayankhidwe. Nthawi yonseyi dzuwa la kuno linkatsika, ndipo ine ndinkadziwa kuti likamatsika kuno, kumeneko likukwera kupita pamutu, ndipo likapendeka sitima ipita.

A Fanuwelo anaimbanso kawiri. Ndinawauza kuti tikukonza.

Zithunzi sizinasiye. Tsopano anali patebulo la panja, akudya timakeke ta mazira ndi nsomba zowotcha, Anachisale akuti apeza usipa wonenepa. Pambali pawo a Makwinja akumwetulira ngati munthu wa dzino lobooka. Ndinawamvera chisoni bamboyo. Anali atasenza mtembo wa apongozi ake yekha, m'dziko la eni, akuitanitsa khofi.

Sisitere anayankha pomaliza. Munthu wabwino kwambiri, mawu ofatsa. Anatiuza kuti ku Lisbon anachokako kalekale, anabwerera ku Mozambique. Anatipempherera pafoni pomwepo, pemphero lalitali, ife maso ali pa wotchi ya kukhoma. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ife tinali titalinda mokwanira.

A Kamwendo anaimbiranso a Makwinja. Bamboyo ananong'ona kuti ayamba kutsetsereka kubwerera kudoko, ndipo maganizo awo sanasinthe.

Apa m'pamene foni yanga inalira. Inali ya vidiyo, dzina pamwamba: Anachisale.

"Musayankhe," anatero a Kamwendo ali pakhomo.

Sindinayankhe. Inalira mpaka kuduka. Inayambanso. Ndinkamva maso a anthu onse pamsana panga. Ndinakumbukira kuti uyu ndi munthu amene anandigwira dzanja tsiku langa. Ndinayankha.

Anali pabwalo lalikulu, mphepo ikukupiza chipewa chawo. Kumbuyo kwawo kunkaoneka madzi, ndipo chapatali chisitima choyera, chachitali ngati mdadada wa mafulati.

"Asisi, kodi gulupu yazima?" anatero akuseka. "Zithunzi zanga zakunyansani? Ndipo bambo ake Thoko akungothawira kumbali ndi foni ngati apeza chibwenzi. Ndiuzeni, kuli..."

Anaima. Anayandikitsa nkhope kufoni.

"Mpango kumutu? Lachiwiri?"

Ndinali nditakonza mawu m'mutu masana onse, koma onse anathawa. Ndinangotembenuza foni kuti aone m'nyumba: masofa kukhoma, amayi pansi pa kapeti, zitenje, mitu yowerama. Munthu wa kwathu safuna womasulira akaona zimenezi.

"Ndani?" anafunsa.

Palibe anayankha.

"Ndi ana anga? Asisi, ndi ana anga?"

Mawu amenewo sindidzawaiwala. Chete wathu uja, amene tinkati tikuwateteza naye, anawapititsa kumalo oopsa kuposa kumene kunali choonadi.

"Ana ali bwino," ndinatero mofulumira. "Ndi mayi, asisi. Atisiya usiku wathawu. Kumudzi akudikira mawu anu. Mukapita, adikira mpaka Loweruka."

Mayi Tembo anayambitsa nyimbo, ena n'kupolokozana nawo chapansipansi. Pafoni tinaona thambo, kenako miyala ya pansi, kenako nkhope yawo. Anali atakhala pa mwala wa m'mphepete mwa bwalo. Sanagwe. Analira ndithu, mapewa akugwedezeka, ndipo ife tinalira nawo kuchokera ku Maddington. A Makwinja anafika akuthamanga n'kugwada pambali pawo.

"Bambo ake Thoko, munadziwa?"

"Ndinadziwa."

"Liti?"

"Tisanadye kuja."

Anachisale anawayang'ana. Ine ndikanakonda akanakalipa. Anapukuta maso ndi chipewa chija, n'kufunsa nthawi. Kenako ndinamva mawu amene ndimawadziwa, mawu awo a ku wodi: "Mapasipoti ali m'chipinda. Tiyeni. Asisi, auzeni achimwene adikire."

Foni inaduka.

Ndinauza a Fanuwelo kuti adikire, ngakhale sindinkadziwa ngati ndikunena zoona. Munthu satsika sitima yotere ngati akutsika minibasi. Pali mzere wa anthu obwerera, pali kulongedza, pali ofesi ya m'sitima yofunika kuuzidwa ndi kuvomereza, ndipo nthawi yonyamuka inali itayandikira. Tinaimba, foni sinayankhidwe. Tinaimbanso, osapezeka. Kodi alowa mkati mopanda netiweki, kapena sitima yachoka nawo? Palibe ankadziwa. Tiyi amene wina anaphika anazizira m'makapu.

A Kamwendo anandiitanira pakhonde.

"Mwachita zimene simunatumidwe," anatero, mawu ali pansi.

"Ndi zoona, abambo."

"Nanga akanagwa? Mukanawadzutsa pafoni?"

Akanatha kugwa. Ndinaika moyo wa mnzanga pachiswe chifukwa ndinkakhulupirira kuti ndikumudziwa, ndipo kukhulupirira si kudziwa.

Kunja kutada, nthawi ya chakudya chamadzulo itadutsa osadya, uthenga wa mawu unalowa. Anali a Makwinja, akupuma mwawefuwefu. "Tatsika. Sutikesi imodzi yatsala momwemo, akuti adzatitumizira. Tikupita ku eyapoti." Kumbuyo kwa mawu awo kunamveka kulira kwa sitima, kwakukulu, kwakutali. Mayi Tembo anangodzigwetsa chagada pa kapeti.

Tsopano ndilankhule nanu, owerenga anga, makamaka inu amene muli kunja ndi inu amene muli ndi ana kunja.

Mwambo wathu wopereka uthenga wa maliro unali ndi zolinga ziwiri: kuti wofedwa asamve ali yekha, ndiponso kuti akafike pamaliro nthawi ilipo. Kale zinthu ziwirizi zinkayendera limodzi. Mthenga ankapalasa njinga kupita mudzi wachiwiri, kukhala nawe pansi, kukuuza, kenako n'kukukweza pa kaliyala. Lero ana a mayi mmodzi ali wina ku Perth, wina ku Joni, wina pamadzi. Nthawi zina sizitheka kukwaniritsa zonse ziwiri, ndipo pamafunika kusankha. Chimene ndaona n'chakuti ife timasankhira wofedwayo osamufunsa, ndipo pafupifupi nthawi zonse timasankha kukhala chete.

Ndi angati mwa inu munalandirapo foni yakuti "akudwala kwambiri, bwerani msanga," munthu ali kale m'bokosi? Munakwera ndege mukupemphera kuti muwapeze amoyo, mutanyamula mankhwala ndi bulangete, pomwe aliyense wokuperekezani ku eyapoti ankadziwa. Ndi angati munauzidwa mayeso atatha, kapena mutachira, kapena mutabereka, manda atamera kale udzu? Ena munathokoza, ndikudziwa. Koma ena mpaka lero simunakhululuke, mumangomwetulira pa misonkhano ya banja.

Ndipo tinene zoona: kodi nthawi zonse timateteza wofedwayo? Kapena timadziteteza tokha? Kulira koyamba kwa munthu amene wangomva kuti mayi ake apita n'koopsa, palibe amafuna kukhala amene wakuyambitsa. Ndiye timapatsirana. Mlongo akuti auze alamu, alamu akuti adikire chipinda, mpingo ukuti upeze sisitere. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka ndipo aliyense ndi wachikondi. A Makwinja amawakonda akazi awo, zimenezo sindikayika ngakhale pang'ono. Koma chikondi chomwecho chinatsala pang'ono kuwatsekera m'chipinda pakati pa nyanja.

Mbali inayo kuli achinyamata athu a mafoni. Munthu asanazizire, chithunzi chili kale pa sitetasi ndi kandulo pambali. Tsiku lija tinachita mwayi kuti palibe mdzukulu wa ku Dedza anafulumira kuika. Anachisale akanatha kumva imfa ya mayi awo pakati pa zithunzi za maphwando a anthu, ali pamzere wogula khofi. Ndiye taonani pamene tafika: akulu akubisa mopitirira, ana akuulutsa mopitirira, ndipo mwini maliro ali pakati, womaliza kufunsidwa.

Sindikunena kuti titaye mwambo. Pamene tingathe kupita, tipite, tikakhale pansi ndi munthu, timugwire. Koma pamene kudikira kukumulanda munthu mwayi wotsanzikana ndi kholo lake, tisamanamizire ulemu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kupita kapena kusapita, kutsika sitima kapena kukhalamo, mwini wake ndiye anene, ndipo sanganene chimene sanauzidwe.

Ine ndi a Kamwendo sitinagwirizanebe. Anandipatsa moni Lachinayi pa mapemphero, moni wabwinobwino, koma wamfupi. Ndikuwamvetsa, ndipo tsiku langa lina likadzafika ndikufuna adzakhalepo.

Anachisale anafika ku Dedza Lachinayi madzulo. Maliro anaikidwa dzulo. A Makwinja akuti akuthamangathamanga pamaliropo ngati mkamwini wofika kumene, kutunga madzi, kunyamula mabenchi, ndipo akazi awo akuwayankha mawu amodziamodzi. Zimenezo akakonza okha, si za m'nyuzi.

Atabwerako kumanda, Anachisale anandiimbira. Mawu anali atasasa. Ndinayamba kupepesa kuti ndinawauza pamsewu, ngati munthu wopanda mwambo, koma anandidula.

"Ndawaona nkhope, asisi. Ndawaveka ndekha yunifomu yawo ya amayi a mpingo." Anapuma kaye. "Zaka zonsezi kuchipatala kumeneko ndatseka maso a amayi a eni ake. Ndawasambitsa, ndawapesa, ana awo ndawaimbira foni ine ndemwe. Ndiye anga okha mukanandimana?"

Ndinangolira.

Inu amene mukuwerenga, musadikire kuti anthu adzakuganizireni atakhala pa kapeti. Auzeni lero abale anu, akazi anu, amuna anu, akulu a mpingo wanu. Foni ya kumudzi ikadzalira inu muli pamsewu wa eni, tidzakuuzeni pomwepo, kapena tidzadikire sitima inyamuke?